Mphete Ziwiri za Mfuti ya a Jervazio

Anabwera nayo Lachiwiri, ili m'thumba la fetereza,
a Jervazio Chimbalanga a ku Domwe,
nkuigoneka patebulo langa, pakati pa matcheni a njinga,
ngati mwana wotentha thupi.

Thako lake lada ndi thukuta la anthu atatu:
Mpwitikizi wa fodya amene anaigula,
kapitawo amene anamubera,
ndi iwowa.
Galasi loonera patali analisolola m'sokosi.
Mdzukulu anawagulira ku Tete
kwa munthu wosakonda mafunso.
"Mestire, ndipangireni mphete ziwiri
zoti ziligwire pamsana pa iyi."

Ndinati za m'sitolo sizingakwane.
Za lero n'zopepuka ngati chitini,
miyeso yake ndi ya mfuti zina,
pomwe iyi anaisula kale, anthu asanaganize
kuti diso la mlenje lingafune womuthandiza.

Ndiye ndinadula ekiselo ya ngolo yothyoka.
Masiku anayi ndili pa tupa,
magetsi a ku Ulongwe akupita, akubwera, akupita,
phulusa la chitsulo lili m'zikhadabo, m'tiyi, m'mphuno.

Mphete imodzi sivuta.
Imavuta ndi yachiwiri,
poti iyenera kuvomerezana ndi inzake
osaonana nayo nkhope.
Ikapendama pano ndi tsitsi limodzi,
kutsidya kwa dambo waphonya ndi mkono wathunthu.
Ukamangitsa, galasi limafinyika.
Ukachita ulesi, limagwedera.
Ndinaponderamo kapepala ka ndudu,
nkumanga sikuluwu iyi pang'ono, iyo pang'ono,
monga umatsitsira katundu wolemera muli awiri.

Tsiku lachisanu ndinasuzumira mumpope
kuti ndione ngati mpope ndi galasi zikuloza kumodzi.
Mdima bii.
Ndinalowetsa waya. Waya anaima.

"Bambo, muli mtovu umu. Iyi siombanso."
"Ndikudziwa. Ndinathiramo ndekha
chaka chomwe nkhondo inatha."
Ndinafuna kufunsa za masiku anga anayi aja,
koma anali atavala kale chipewa.

Tinakwera njinga yamoto mpaka cha ku Kalomwe,
kutali ndi chipata, kuseri kwa minda ya mbatatesi,
pakaphiri pomwe mphepo ya Juni imaluma makutu.
Kumaso kwathu kunali Malawi, phee,
utsi wake wofanana ndi wathu.

"Nangozo ali uko," anatero.
"Tinamuika tili othawa kwawo, mvula ikugwa,
popanda sementi, popanda thabwa.
Lero pali mpanda wa waya, eni ake ndi ena,
ndipo miyendo iyi yandikana."

Ndinati galasilo bwanji osangoligwira m'manja.
Anandionetsa manjawo.
Amanjenjemera ngati masamba a nthochi,
supuni imawapulumuka, batani la malaya limawazemba.
Koma atatsamiritsa mpope paphanda la msuku,
thako paphewa, tsaya pathabwa,
manja aja anakumbuka ntchito yawo yakale.
Zii.

Anapuma kawiri, monga ankachitira kwa njati.
"Ikukokera kumanzere."
Ndinamasula mphete yakumbuyo pang'ono chabe,
ndinachotsa theka la kapepala kaja, nkumanganso.
"Bwezani pang'ono. Basi. Pomwepo."

Kenako anandipatsa kuti ndione.
Mtengo wa bulugamu, chulu, mbuzi ya munthu,
ndi kadothi kotumphuka pakati pa udzu.
Pamwamba pake penipeni
panagona timizere tiwiri ta m'galasi,
wina woima, wina wopingasa,
mtanda umene sanathe kuzika chaka chija.

Anandilipira ndowa ziwiri za mbatatesi
ndi mametikali osakwana ngakhale mtengo wa tupa.
Chidutswa cha ekiselo chotsalacho
ndimatsekera chitseko cha ofisina mphepo ikamavuta.